Mayi Wogwa Mumtengo wa Mango Mwezi wa Juni

Tereza, Piyo, ndi iwe Agata, mwadandaula kokwanira kuti ndimakuchititsani manyazi ndikamatsika minibasi pakati pa njira chifukwa choti dalaivala akuthamanga. Manyaziwo pitirizani kuchita, ine sindisiya. Koma popeza ndinapuma ntchito ndipo nthawi ndili nayo, ndaganiza zokulemberani za chinthu chimodzi chimene ndinachita pa zaka makumi atatu ndi ziwiri zomwe ndinagwira ntchito yolumikiza mafupa. Chinthu chimenechi ndimachinyadira, ndipo sindibisa. Mayina ena ndasintha, chifukwa eni ake ali ndi ana ndi adzukulu omwe sanalakwe kanthu.

Zaka zisanu ndi chimodzi zoyamba, ku Nsanje

Nditamaliza maphunziro a zamafupa ananditumiza ku Nsanje ndisanakwatire. Kutentha kwa kumeneko kunkaumitsa chikhakha ndisanamalize kukulunga mwendo, ndipo miyezi yoyamba ndinaononga zambiri moti bwana wanga, a Mbewe, anayamba kubisa makiyi a kabati. A Mbewe anali bambo wamfupi, wosakonda zoyankhulayankhula, ndipo anali ndi kaphunzitsidwe kawokawo komwe poyamba ndinkadana nako. Wodwala akajambulidwa, iwo ankatenga kabuku kake ka kuchipatala n'kukakhalira, kenako n'kundipatsa chithunzi cha ekisire kuti ndichiyang'ane pawindo. "Tandiuza, munthuyu chamuchitikira n'chiyani?" Ndikanena kuti wagwa panjinga pomwe munthuyo anapondedwa ndi ngolo, ankangoti, "Tiyi wanga lero uli pa iwe." Bambo amenewo ndinawagulira tiyi wambiri. Koma pofika chaka chachitatu ndinkatha kusiyanitsa fupa lomwe lathyoka munthu atagwa kuchokera pamwamba ndi lomwe lathyoka chinthu chitamumenya cham'mbali, ndipo tiyi uja anayambanso kudzigulira okha.

Zosowa zinali zambiri. Pokoka mwendo wothyoka tinkamangirira njerwa kuchingwe m'malo mwa zitsulo zolemera, ndodo zoyendera ankatisemera kalipentala wa kumsika, ndipo mafilimu a ekisire ankatha mwezi usanafike pakati. Ngozi za galimoto zinali za apo ndi apo, chifukwa msewu wa kumeneko masiku amenewo sunkalola munthu kuthamanga ngakhale atafuna. Amayi anu ndinawakwatira ndili komweko, ndipo iwe Tereza unabadwira komweko masana, dzuwa likuswa mtengo.

Chaka chimene tinabwerera kwathu

Kalata yondisamutsira kuno ku Chiradzulu itafika ndinavina m'nyumba, poganiza kuti ndikubwera kudzapuma mphepo yozizira. Mphepoyo ndinaipeza, koma kupuma ayi. Misewu itakonzedwa, madalaivala anakhala ngati apatsidwa chilolezo chopenga. Maminibasi ankapikisana kuti afike msanga pasiteji yotsatira, ndipo m'mbali mwa msewu womwewo munali amayi osenza madengu, ana a sukulu, ndi akabaza omwe alibe chitsulo chowatchinga. Galimoto yoyenda pang'ono ikagunda munthu, ine ndinkalumikiza fupa limodzi n'kumubweza kunyumba ndi chikhakha. Yothamanga ikagunda, fupa linkabwera lili zidutswazidutswa ngati mbale yadothi yogwa pasimenti, ndipo kawirikawiri ntchito inkakhala ya kumotchale osati yanga. Anthu anayamba kunditchula kuti a Chikhakha, ndipo dzinali mukudziwa kuti silinachoke mpaka lero.

Kunalinso chikhulupiriro china chomwe chinkandinyansa. Anthu ambiri m'midzi ankati munthu wogundidwa ndi galimoto, kuchipatala samugwira mpaka atabweretsa kalata ya apolisi. Pachipatala pathu palibe wovulala amene tinamubwezapo chifukwa cha kalata, koma mphekesera imeneyi inali yamphamvu kuposa ife. Choncho anthu ankafika pawindo la kalaliki magazi ali chuchuchu n'kunena kuti agwa panjinga, agwera m'chitsime, kapena agundidwa ndi ng'ombe. Kalaliki ankalemba zomwe wauzidwa. Bodza lija likalowa m'kaundula linkakhala momwemo, ndipo munthu wopunduka akafuna kukadandaula pambuyo pake, ankapeza kuti anadzitsekera yekha chitseko.

Woyang'anira chipatala chathu anali bambo amene ndiwatchule a Filipo. Musawaganizire zoipa. Anali munthu wolimbikira, amene ankayenda ndi chipewa m'manja kupemphetsa kuti chipatala chisatsekedwe. Mmodzi mwa anthu amene ankawamvera chisoni anali wamalonda wina wa pikapu yabuluu, yemwe ankabweretsa nkhuni kukhitchini kwathu, ndipo mafuta akasowa m'dziko ankatipatsako dizilo wa ambulansi. Dzina lake lenileni silikufunika pano. Aliyense ankamutchula kuti a Kamvuluvulu chifukwa cha kayendetsedwe kawo, ndipo iwo ankasangalala nalo dzinali.

Juni wa chaka chimene Piyo anayamba sekondale

Unali m'mawa wa chiperoni, kamvula kakuwaza, pamene pikapu yabuluu ija inalowa pageti ikuliza belu. A Kamvuluvulu anatsika n'kunyamula okha mayi wina kumbuyo, mothandizana ndi bambo wina wowonda. Anamwino anayamba kuwayamikira kuti anthu ngati iwo ndi ochepa. Pamene ankandiitana n'kuti kalaliki atalemba kale. Mayiyo dzina lake anali Veronika, wa ku Likoswe, ndipo bambo wowondayo anali mlongo wake, a Lazaro.

"Mayi, chachitika n'chiyani?" ndinafunsa ndikudula chitenje chomwe anamangira miyendo.

"Ndagwa mumtengo, adokotala."

"Mtengo wanji?"

Anayang'ana achimwene awo kaye. "Wa mango."

"Mango mwezi wa Juni? Mumakathyola chiyani, masamba?"

"Amakathyola nkhuni zouma m'mwambamo," anatero a Lazaro. "Chonde adokotala, tangothandizani, magazi akutha."

Pamenepo ankanena zoona, choncho ndinatseka pakamwa n'kugwira ntchito. Koma maso anga sanatsekedwe. Miyendo yonse iwiri inali yothyoka pamsongolo, pamalo ofanana ndendende ngati munthu anachita kujambula mzere. Wakumanzere unali wophwanyikiratu. Potsuka bala ndinatulutsamo tizidutswa ta penti yabuluu, ndipo ndinatisunga m'kabotolo n'kulembapo dzina ndi tsiku. Mafilimu a ekisire anali atatsala atatu m'chipatala chonse. Ndinagwiritsa ntchito awiri, ndipo wojambula anandiyang'ana ngati ndamubera. Mu fayilo ndinalemba ndi dzanja langa kuti wodwala akuti wagwa mumtengo, koma zilonda zake zikusonyeza munthu womenyedwa ndi galimoto cham'mbali. Mwendo wakumanja tinaupulumutsa. Wakumanzere tinayesetsa masiku atatu, kenako dokotala wamkulu anaudula m'munsi mwa bondo.

Veronika anali mayi wamasiye wa ana atatu. Ankasenza dengu la tomato kupita nalo kumsika wa ku Mbombwe, ndipo ana ake ankadya ndi miyendo imeneyo. Atadzuka n'kuona kuti pansi pa bulangete pali malo opanda kanthu, sanalire mofuula. Anangofunsa namwino kuti, "Ndiye dengu ndizisenza bwanji?" A Kamvuluvulu anabwera kudzamuona kawiri, atanyamula shuga ndi buledi, ndipo amayi a m'wodimo anawaombera m'manja. Kenako anasiya kubwera.

Ine ndinali ndi njira yanga. M'mawa uliwonse ndikafika pabedi pake ndinkafunsa, "Mayi a mango, mwadzuka bwanji? Kodi apsa tsopano?" Iye ankatembenukira kukhoma. Ndikudziwa kuti ena anati ndikuzunza wodwala, ndipo mwina sankalakwitsa, koma ndinalibe njira ina yomuuzira kuti bodza lake sindinalimeze. Mlungu wachisanu ndi chimodzi, nditafunsa funso langa lija, anaseka. Anaseka mpaka misozi inatuluka, ndipo misoziyo sinasiyenso.

"Adokotala, ine chibadwire sin'nakwerepo mumtengo," anatero. "Ndimayenda kumbali kwenikweni, mu udzu, dengu lili pamutu. Ndinangomva kulira kwa galimoto pakhona paja, basi. Podzuka ndinali m'munda wa nandolo wa eni ake. Panjira abwana aja anati, mukakanena kuti ndi galimoto sakakugwirani popanda kalata ya apolisi, mukafera pabenchi, ndiye mukanene kuti mwagwa. Achimwene anati n'zoona, anthu amatero. Komanso achimwenewo anati munthu watinyamula ndi galimoto yake, timuyike m'mavuto bwanji? Nanga pano ndikanena zoona, sandimanga chifukwa chonamiza chipatala?"

Ndinapsa mtima moti ndinatuluka panja kukayima pakamvula. Munthu wathyola mayi miyendo, kenako wamuopseza ndi imfa ali m'magazi, ndipo ife tonse tamuombera m'manja chifukwa cha paketi ya shuga! Nditabwerera ndinakhala pamphepete pa bedi n'kumufotokozera pang'onopang'ono kuti palibe amene angamumange, kuti galimoto iliyonse imayenera kukhala ndi inshuwalansi, ndipo kuti inshuwalansiyo ilipo chifukwa cha anthu ngati iye. Ndinamuuza kuti chipukuta misozi si mphatso yopempha mogwada, koma kuti ayenera kuyamba ndi kukanena zoona kupolisi. A Lazaro anakana kwa masiku awiri, akuti tikuputa anthu akuluakulu. Tsiku lachitatu anapita okha ku Boma, ndipo wapolisi anabwera m'wodi kudzalemba mawu a Veronika.

Lachisanu lotsatira pikapu ija inabwera ndi nkhuni. Ndinali nditatenga tepi yoyezera ya amayi anu pamakina awo osokera. Anthu akutsitsa nkhuni, ine ndinagwada kutsogolo kwa galimotoyo n'kuyeza kuchokera pansi kufika pabampala. Muyeso wake unafanana ndi wa kuchokera pachidendene cha Veronika kufika pomwe mafupa anathyokera, kusiyana kwake kosakwana chala. Galimoto ikaponda buleki mwamphamvu mphuno yake imagwadira pansi, ndipo imamenya munthu m'munsi kuposa pamenepo. Iyi sinagwade. A Kamvuluvulu anandipeza ndikadali chogwada.

"A Chikhakha, mukufuna kuisokera malaya galimoto yangayi?"

"Iyayi abwana, ndikungoona ngati ikufanana ndi mtengo wa mango."

Sanaseke, ndipo kuyambira tsiku limenelo sanandipatsenso moni.

Miyezi inayi pambuyo pake

Veronika anatuluka m'chipatala akuyendera ndodo ziwiri. Mlandu wake anautenga loya wina wachitsikana wa ku Blantyre, mmodzi mwa aja amathandiza anthu osauka popanda malipiro. Anabwera kuofesi kwanga ndi fayilo yopyapyala n'kundiuza mosapita m'mbali mmene zinthu zinalili. A Kamvuluvulu ankati anangopeza mayi atagona m'mbali mwa msewu n'kumuthandiza. A inshuwalansi ankati kaundula wa chipatala akunena kuti anagwa mumtengo, ndipo mawu a kupolisi anaperekedwa patapita milungu isanu ndi umodzi. Panalibe wina amene anaona ngoziyo, chifukwa a Lazaro anafika atamva mfuu. "Bambo," anatero loyayo, "mlandu wonsewu wagona pa lipoti lanu. Mukalemba zofooka, mayiyu alibe pogwira."

Tsiku lomwelo masana a Filipo anandiitana. Anatseka chitseko n'kundithirira tiyi ndi dzanja lawo, zomwe anali asanachitepo.

"A Chikhakha, sindikukuuzani kuti muname," anatero. "Lembani kuti wodwala ananena yekha kuti anagwa mumtengo. Kodi sananene?"

"Ananena."

"Ndiye lembani zomwezo, musainire, basi. Zinazo ndi za apolisi."

"Nanga zomwe ndinaona ine?"

Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Dizilo amene ali mu ambulansi pano ndi wa munthu ameneyu. Mafuta kulibe m'dziko muno, mukudziwa. Ambulansi ikayima, amayi oyembekezera angati atifere m'midzi chifukwa cha mwendo umodzi womwe unadulidwa kale? Tandiyankhani, inu ndinu odziwa kuyankha."

Funsolo linali loona. Ana anga, musaganize kuti ndinatuluka m'ofesimo ndili ngwazi. Tiyi uja ndinamusiya patebulo osamwa. Masiku atatu fomu ya lipoti inakhala patebulo panga yosalembedwa. Ndikaganiza za Veronika ndi ana ake, cholembera chinkafuna kuyenda. Ndikamva ambulansi ikutuluka pageti, ndinkachiyikanso pansi. Ndinkadziwanso kuti amene amakana tiyi wa bwana sachedwa kulandira kalata yosamutsidwa, ndipo iwe Piyo unali utangoyamba sekondale pafupi ndi nyumba.

Amene anandimasula ndi amayi anu. Ndinawafotokozera zonse akusoka diresi ya ukwati ya mwana wa eni ake, ndipo sanasiye kupalasa makina mpaka nditamaliza. Kenako anati, "Abambo a Tereza, tepi yanga munaitenga osapempha, mwakagwada nayo m'matope pamaso pa anthu. Lero mukufuna kunena kuti simunayeze kanthu? Za dizilo asiyireni a Filipo, ndi ntchito yawo, adzapempha kwina. Yanu ndi mafupa. Akatisamutsa tipita. Ku Nsanje tinakhalako, tinafa?"

M'mawa mwake ndinalemba lipoti la masamba awiri. Ndinalemba zomwe wodwala ananena pofika, osabisa, kenako ndinalemba zomwe ndinapeza, chimodzichimodzi, ndi maganizo anga pa zimenezo. A Filipo analiwerenga ataimirira, n'kungoti, "Mwasankha." Mlungu womwewo nkhuni zinasiya kubwera, dizilo nayenso anasiya. Ambulansi inayima masiku khumi ndi limodzi. Pa masiku amenewo mayi wina wovutika pobereka anabwera naye pamachira kuchokera kutali, ndipo ndinayima pakhomo la fiyeta, chipinda cha opaleshoni, ndikupemphera ngati mwana mpaka anamwino anatuluka n'kunena kuti mayi ndi mwana ali moyo. Akanamwalira, sindikudziwa ngati ndikanalemba nkhani ino. Anzanga ena anasiya kudya nane. Pasanathe miyezi iwiri kalata inafika yonditumiza kukachipatala kakang'ono kumalire a boma lino, komwe kunalibe ekisire, ndipo munthu wa zamafupa ankangomanga zilonda ndi kugawa mankhwala a malungo.

Chaka chachiwiri ndili kukachipatala kakang'ono

Milandu yotere simathamanga. Wathuwu unaimitsidwa katatu, ndipo kawiri konse Veronika anakwera minibasi ndi ndodo zake mpaka ku Blantyre n'kungouzidwa kuti abwere tsiku lina. Pa nthawiyi mwana wake wamkulu anali atasiya sukulu kuti azisenza dengu lija. A Lazaro anayamba kunena kuti bola akanangolandira shuga. Koma tsiku linafika, ndipo ndinavala suti yanga ya ukwati yomwe inali itayamba kundithina.

Veronika ndiye anayamba kupereka umboni. Loya wa inshuwalansi anali bambo wamtali, wa mawu osalala, ndipo anamufunsa kudzera mwa womasulira kuti, "Mayi, munauza achipatala kuti munagwa mumtengo. Lero mukuti inali galimoto. Munanama liti, tsiku lija kapena lero?" Ine ndinkadziwa mmene mayiyu ankaopera mawu akuti kunama. Anagwiritsitsa ndodo zake n'kuyang'ana woweruza.

"Ndinanama tsiku lija, bwana. Ndimaopa kufera pabenchi. Amene anandiuza bodzalo ndi awo akhala apowo. Lero sindikuopa, mwendo unapita kale."

Kenako anaitana ine. Loya wamtali uja anayamba mwaulemu kwambiri, ndipo ndinadziwa kuti akufuna kundikola.

"Bambo, kodi munalipo pamene mayiyu ankavulala?"

"Ayi."

"Ndinu dokotala wamkulu?"

"Ayi, ndine wa zamafupa."

"Ndiye mukungoganiza chabe?"

Ndinapempha chilolezo kwa woweruza kuti ndiyandikire pawindo. Ndinakweza zithunzi ziwiri zija kuwala kwa dzuwa, monga ankachitira a Mbewe, n'kuyankhula ngati ndikuphunzitsa ana a sukulu. Ndinati ogwa m'mitengo ya mango ndawathandiza chaka ndi chaka, ndipo amabwera nyengo ya mango, ambiri ali ana. Munthu wogwa kuchokera pamwamba amathyoka mkono chifukwa amatsogoza manja, kapena chidendene, kapena msana. Sathyoka misongolo iwiri pamzere umodzi. Ndinawasonyeza pachithunzipo kachidutswa ka fupa kooneka ngati mphero yowazira nkhuni, komwe nsonga yake inkaloza mbali imene chinthu chomenyacho chinkapita. Ndinatulutsa kabotolo ka penti, ndipo ndinawerenga miyeso iwiri ija, wa mwendo ndi wa bampala, n'kufotokoza chifukwa chimene ndinkanenera kuti woyendetsayo sanapeze n'komwe mpata woponda buleki.

"Penti yabuluu ili paliponse," anatero loyayo. "Ngakhale zitseko za m'midzi zimapakidwa penti yabuluu."

"Zoona bwana," ndinayankha. "Koma pa zaka zonse zomwe ndagwira ntchitoyi sindinaonepo chitseko chikuthamanga mpaka kuponyera munthu m'munda wa nandolo."

Anthu anaseka mpaka woweruza anachita kuwaletsa, ngakhale iyenso anaweramira pamapepala ake kwa kanthawi. A Kamvuluvulu atalowa m'bokosi la mboni anasokonekera pa funso laling'ono la loya wathu wachitsikana. Anawafunsa kuti ngati anapeza mayiyo ali m'mbali mwa msewu, mtengo wa mango umene anagwamo unali pati. Anati unali pafupi. Loyayo anatulutsa chithunzi cha pakhona paja chomwe wapolisi anajambula. Panali nandolo, chinangwa ndi udzu, ndipo mtengo uliwonse panalibe.

Chigamulo chinatuluka patapita miyezi itatu. Khoti linapeza kuti galimotoyo ndi imene inagunda Veronika, kuti inkathamanga mopitirira muyeso pamalo okhota pomwe pamayenda anthu, ndipo linalamula kuti apatsidwe chipukuta misozi. Kuchuluka kwake sindilemba, ndi nkhani ya mwini wake. Loya wathu uja anandiimbira foni ndili pakati pomanga chilonda cha mlimi wina amene anadzitema ndi khasu. Ndinakuwa kuti "Tawina!" moti mlimiyo anafunsa ngati ndi mpira. Ndinasangalala kuposa tsiku limene ndinalandira satifiketi yanga.

A Filipo anachita chinthu chomwe sindinkayembekezera. Analembetsa chikwangwani chachikulu m'Chinyanja n'kuchikhoma pamwamba pa windo la kalaliki, chonena kuti wovulala pangozi ya galimoto amathandizidwa kaye, za apolisi pambuyo. Dizilo anali atapeza kwina kalekale. Patapita chaka anapempha okha kuti ndibwezedwe pamalo panga. Sanapepese, inenso sindinawafunse, koma tiyi anandithiriranso, ndipo ulendo uno ndinamwa.

Chaka chimene ndinabwerera pamalo panga

Veronika anapita ku Blantyre kukayezetsa mwendo wopanga. Ndinamva kuti mwana wake wabwerera kusukulu, ndipo kuti iye wamanga kabenchi kogulitsira pamsika. Koma kwa miyezi yambiri sindinamuone, ndipo nkhawa yanga inali ya munthu wa ntchito yanga. Ndinkadziwa anthu ambiri amene analandira mwendo wotere n'kuupachika kuseri kwa chitseko chifukwa umawatupitsa, n'kubwerera kundodo mpaka imfa. Ndinkadzifunsa ngati mavuto onse aja anangogula chinthu chokongoletsa khoma.

Lamulungu lina nyengo yokolola, ine ndi amayi anu tinapita ku Misa ya zokolola kuparishi, tsiku limene miphakati yonse, timagulu ta akhristu a m'midzi, imabwera ndi mphatso zake. Tinakhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi kanjira kapakati. Itakwana nthawi ya chopereka ng'oma zinalira, ndipo amayi anayamba kulowa pamzere kuchokera kukhomo, akuvina pang'onopang'ono, aliyense atasenza chake. Anaitana mphakati wa ku Likoswe. Wachitatu pamzerewo anali Veronika. Pamutu pake panali dengu lodzaza tomato, losagwiridwa, manja onse awiri akugwedezeka motsatira nyimbo. Ndodo panalibe. Ankaponda masitepe awiri kutsogolo, imodzi kumbuyo, monga anzake onse, ndipo dengulo silinapendame.

Ine ndi chizolowezi changa, maso anathamangira kumiyendo. Ndinawerama n'kutulutsa mutu m'kanjira kuti ndione mmene phazi lakumanzere likutera, ngati bondo likupinda bwino, ngati chiuno chikugwera mbali imodzi. Ankatsimphina pang'ono kwambiri, moti wina aliyense m'tchalitchimo sakanazindikira. Atafika pabenchi yathu sanayime, sanatembenuze n'komwe mutu kuopa dengu. Anangoyankhula chapansipansi, akumwetulira.

"Adokotala, siyani kuyang'ana miyendo ya amayi, tili m'tchalitchi."

Amayi anu anaseka mpaka anabisa nkhope m'chitenje. Ine ndinafuna kuseka nawo, koma chimene chinatuluka ndi kulira. Ndinalira poyera, bambo wa imvi, pamaso pa miphakati yonse, ndipo sindinachite manyazi ngakhale pang'ono. Veronika anapitirira ndi mzere wake mpaka kuguwa, anatula dengu lake yekha, n'kubwerera kumalo kwake akuvina.